Kuchotsa madontho pa zovala: magazi, mkodzo, mafuta, dzimbiri ndi inki

Chovala chikhoza kukhala chothimbirira koma chili twahara, ndipo china chikhoza kuwala mbee koma chili ndi najisi. Inki, tiyi, dzimbiri, utomoni wa nthochi ndi mafuta ophikira si najisi, moti munthu akhoza kuswali ndi kanzu yokhala ndi madontho amenewa popanda vuto. Magazi, mkodzo, chimbudzi ndi masanzi ndi najisi, ndipo ziyenera kuchotsedwa chovalacho chisanavalidwe pa Swala.

Pa mitundu yonse iwiri, chimene chimaononga zovala zambiri ndi kuchedwa komanso kutentha. Dontho lalero limachoka ndi madzi ndi sopo, koma lomwelo likagonera sabata limalowerera mu ulusi. Musasite chovala dontho lisanachoke, chifukwa simbi imalikhazikitsa mpaka kalekale.

Magazi

Magazi amafuna madzi ozizira. Madzi otentha amawaphika monga mmene dzira limaumira mu poto, ndipo akatero sachokanso. Tembenuzani chovala, tsirani madzi kuchokera kumbuyo kwa dontho kuti magaziwo atulukire mbali imene analowera, kenaka pakani sopo ndi kufikisa. Ngati anauma, yambani mwakanda ndi chikhadabo kapena supuni, munyike chovalacho usiku wonse m'madzi ozizira a mchere kapena a sopo waufa. Pa nsalu yoyera, mankhwala otsukira mabala a hydrogen peroxide a 3% ogulitsidwa ku famase amathandiza: mudzaona thovu likutuluka, kenaka mutsukuluze.

Njira imeneyi si yachilendo kwa Msilamu. Mu Hadith ya Asma bint Abi Bakr, imene ili mwa Bukhari ndi Muslim, Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) anauza mayi wofunsa za magazi a kumwezi kuti awakande, awafikise ndi madzi, atsirepo madzi ena, kenaka aswali ndi chovalacho. Khawla bint Yasar naye anafunsa za banga lotsalira, ndipo anauzidwa kuti madzi akukwanira, bangalo silikuononga kanthu. Ichi ndi chifukwa chake ma Ulama a Madhhab a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife kuno kunyanja timatsatira, amati mtundu wokha kapena fungo lokha likakanika kuchoka munthu atayesetsa, chovala chayera. Zikatsalira zonse ziwiri pamalo amodzi, chapaninso. Amayi ena amataya nsalu yabwinobwino chifukwa cha kabanga kofiirira, pamene Deen sinawalamule zimenezo.

Katsiridwe ka madzi nakonso kali ndi lamulo lake lomwe ambiri amalilumpha. Madzi ochepera ma qullah awiri, omwe ndi pafupifupi malita 200 ngati dilamu lalikulu, amasanduka najisi mukaponyamo chovala cha najisi. Choncho musachiponye mu beseni limodzi ndi zovala zina. Chitsireni madzi pachokha mpaka najisi ichoke, kenaka chiphatikizeni ndi zinzake. Wochapira m'nyanja kapena mumtsinje woyenda alibe vuto limeneli.

Mkodzo wa ana ndi malovu a galu

Mwana wamwamuna wosakwana zaka ziwiri amene sanayambe kudya china chilichonse kupatula mkaka, mkodzo wake umangowazidwa madzi mpaka malo onse anyowe, monga zinachitikira mu Hadith ya Umm Qays bint Mihsan. Wa mwana wamkazi umachapidwa. Mwana akayamba phala, kusiyanako kwatha. Fungo lotsalira m'zofunda limachepa mukatsukuluza ndi madzi othira viniga pang'ono ndi kuyanika pa dzuwa. Chovala chimene wanyambita galu chimatsukidwa kasanu ndi kawiri, kamodzi mwa iko ndi madzi osakaniza dothi loyera, ndipo sopo salowa m'malo mwa dothilo.

Mafuta

Apa madzi otentha ndi amene amathandiza. Mafuta a usipa wokazinga, mandasi kapena msuzi wa nyama akadonthera, musafikise. Thirani ufa, kapena choko chophwanya, mudikire mphindi 20 kuti chiyamwe mafutawo. Ife ogwira ntchito m'kalasi choko sitisowa, ndipo chapulumutsa malaya anga angapo. Kutumulani, pakani sopo wotsukira mbale, muchape ndi madzi otentha mmene nsaluyo ingapirire. Oyilo wa injini ya boti ndi girisi wa tcheni cha njinga amasungunuka ndi madontho ochepa a parafini, kenaka sopo wambiri. Chitani zimenezi panja, kutali ndi mbaula.

Dzimbiri, inki ndi zina

Dzimbiri limachokera ku waya woyanikira, msomali wa pakhoma, ngakhalenso madzi a mijigo ina omwe ali ndi chitsulo chambiri. Finyirani ndimu pa dontho, thirani mchere, yanikani pa dzuwa, mutsukuluze. Bwerezani ngati sizinatheke. Musathire Jik pa dzimbiri, limangoderapo.

Inki ya bolopeni pa thumba la yunifolomu imasungunuka ndi spiriti. Ikani kansanza koyera kunsi kwake, nyowetsani thonje ndi spiriti, muzidinda osati kupukuta, ndipo muzisuntha kansanzako kakada. Spiriti wofiirira uja amatha kusiya mtundu wake pa malaya oyera, choncho wopanda mtundu ndiye wabwino.

Binzari ya mu biriyani imafiira mukaipaka sopo. Musadabwe: chapani, yanikani pa dzuwa lamphamvu, chikasucho chimazilala chokha. Tiyi amachoka mukakunga nsalu pamwamba pa beseni ndi kutsira madzi otentha kuchokera m'mwamba. Matope a katondo asiyeni aume kaye, muwakutumule, kenaka muchape. Kufikisa ali anyowe ndi kuwalowetsa mkati. Chuku cha m'nyengo ya dzinja chimachepa ndi viniga ndi dzuwa, koma madontho ake akuda akakhalitsa satheratu. Utomoni wa nthochi ndiwo wovuta koposa: suoneka tsiku loyamba, ndipo ukada sindikudziwa chimene chimauchotsa bwinobwino. Wokadula nthochi avale zakumunda.

Za Jik

Jik ndi wa nsalu zoyera za thonje, monga makanzu ndi zisoti, ndipo amasungunulidwa m'madzi motsatira muyeso wolembedwa pa botolo. Pa chitenje, hijab yamtundu, silika kapena juzi ya ubweya amasiya mabanga oyera kapena kudya ulusi. Chofunika kwambiri: musamusakanize ndi viniga, mandimu kapena mankhwala otsukira chimbudzi, ndipo musamuthire pa matewera amene mkodzo wake sunatsukuluzidwe. Kusakaniza kumeneku kumatulutsa mpweya wa poizoni umene umaotcha maso ndi mapapo, makamaka m'bafa lotseka. Botolo lake likhale pamwamba pomwe ana safikira, ndipo musamutsanulire m'botolo la chakumwa.