Ntchito za panyengo kumapiri ndi kunkhalango: zimene wachinyamata wa ku Majaua ayenera kudziwa

Ntchito ya panyengo ndi ntchito imene imabwera ndi miyezi yake, miyeziyo ikatha nayonso yatha. Imasiyana ndi ganyu wa tsiku limodzi chifukwa mumagwirizana za masabata kapena miyezi ingapo. Imasiyananso ndi ntchito yokhazikika chifukwa palibe amene akulonjezani za chaka chamawa. Nkhani ino ikunena za ntchito zotere zimene zimagwiridwa panja, m'mapiri ndi m'nkhalango za kuno kumalire: kuperekeza alendo ndi magulu a ana, kunyamula katundu, kusamalira mbande ku nazale, ndi kulambula njira zotchinga moto.

Malo ake

Majaua ili m'boma la Milange, m'chigawo cha Zambézia, ndipo mtsinje wa Ruo ndiwo malire athu ndi Malawi. Boma lathuli ndi la mapiri. Pamwamba pa tauni ya Milange pali Tumbine. Kum'mwera kuli Chiperone, phiri lopitirira mamita 2,000, limene linapereka dzina ku kamvula kozizira kaja timati chiperoni. Kutsidya kuli Mulanje, ndipo nsonga yake, Sapitwa, ndi mamita 3,002.

Ntchito zoperekeza alendo zinakhazikika kwambiri ku Mulanje. Kumeneko kuli nyumba zogonamo pamwamba pa phiri, monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo ndi Sombani, ndipo alendo ambiri amayambira ulendo pa Likhubula. Mu 2000 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a zachilengedwe oyenera kusamalidwa, ndipo mu Julayi 2025 linalowanso pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika pa dziko lonse. Mbali yathu ino kulibe maofesi otere. Ntchito imabwera mwa apo ndi apo, akafika ofufuza, a bungwe la za mitengo, kapena gulu la mpingo. Mu 2006 akatswiri a zomera ndi nyama ochokera ku Mozambique, Malawi ndi England anakwera Chiperone kukaona zimene zili m'nkhalango yake. Mu 2008 anakachitanso chimodzimodzi ku phiri la Mabu, m'boma la Lugela. Maulendo otere sayenda popanda anthu a m'midzi ya m'munsi mwa phiri. Mlendo ali ndi mapu, eetu, koma amene adziwa pamene pali madzi mu Okutobala ndi mwana wa pompo.

Musanyamuke kupita ku Likhubula poganiza kuti mukangofika mupatsidwa mlendo. Operekeza alendo a kumeneko, amene ambiri amangowatcha magayidi, ndi olembetsedwa, ali ndi bungwe lawo, ndipo amalandira alendo mosinthana. Ambiri ndi a m'midzi ya pafupi. Komanso kudutsa pa Muloza kukagula kapena kukaona abale n'kosiyana ndi kukagwira ntchito m'dziko la eni, kumene kuli malamulo ake. Za ku Mulanje tikuzifotokoza chifukwa ndi kumene mungaonere mmene ntchitoyi imayendera ikakonzedwa bwino.

Miyezi yake

Alendo ndi magulu a ana amakwera phiri m'nyengo yopanda mvula, kuyambira cha mu Meyi mpaka Okutobala. Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri pamwamba. Mu Julayi muja ndi mmene kumachitikira mpikisano wothamanga wa Porters' Race, umene unayamba mu 1996 ngati wa onyamula katundu okha, koma lero umalola aliyense, amuna ndi akazi omwe.

Njira zotchinga moto amazilambula udzu ukayamba kuuma, moto wolusa wa Ogasiti mpaka Novembala usanafike. Ku nazale ntchito imachuluka miyezi ya chilimwe: kuthira dothi m'machubu, kufesa, kuthirira, kuzulira udzu. Kubzala kumadikira mvula, Disembala ndi Januwale.

Tsono apa ndi pofunika kuganiza. Ntchito ya pakati pa Meyi ndi Ogasiti simenyana kwambiri ndi munda, poti chimanga chimakhala chalowa m'nkhokwe. Koma kuyambira Ogasiti nandolo akuuma, ndipo mu Okutobala m'munda mukufunika kusosa ndi kuunga mizere. Ntchito yobzala mitengo imagwa pamwamba penipeni pa nthawi yopalira. Wachinyamata amene wasiya munda miyezi iwiri chifukwa cha ndalama ya pamanja akhoza kudzaitaya yonse pogula chimanga mu Febuluwale, mtengo utakwera. Musanavomere, khalani pansi ndi a kwanu mufunsane kuti m'munda mutsala ndani. Za kuthyola tiyi m'minda ya Mulanje ndi Thyolo, kumene kumafuna anthu ambiri nthawi ya dzinja, vuto lake ndi lomweli.

Nkhani ya mkungudza

Chitsanzo cha ntchito ya nazale ndi mkungudza wa ku Mulanje, mtengo umene dziko la Malawi linausankha kukhala mtengo wa fuko mu 1984. Matabwa ake amanunkhira ndipo chiswe sichidya. Chifukwa cha ubwino womwewo anthu anaudula mpaka kutsala pang'ono kutha: kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo yaikulu isanu ndi iwiri yokha. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi ofufuza za nkhalango ndi anzawo akunja, linathandiza midzi kutsegula nazale khumi. Anthu a m'midzi, ambiri mwa iwo amayi, ankafesa ndi kulera mbande, kenaka n'kuzigulitsa kuti zikabzalidwe paphiri. Mbande zoposa 500,000 zinakwera phiri pamitu ya anthu.

Onani mmene malipiro a ntchito yotere amayendera: nthawi zambiri amawerengera mbande zimene zapulumuka, osati masiku amene mwagwira. Amene sadziwa kuwerenga manambala amangovomera zimene wauzidwa.

Ndipo mitengo ya paphiri si nkhani ya alendo okha. Mu Januwale 1998 phiri la Tumbine linagumuka ndi mvula, anthu ambiri a ku Milange anafa. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagumulanso mapiri a Mulanje ndi Phalombe, matope ndi miyala n'kutsikira m'midzi. Ku Majaua kunamangidwa makina aang'ono a magetsi oyendera madzi a Ruo, ndipo Ruo amayambira pamwamba pa Mulanje.

Mukapatsidwa ana

Magulu ambiri amene amapita kuphiri kapena kukagona kumisasa ndi a ana: a sukulu, a mpingo, a masikauti, a makalabu a zachilengedwe. Ku Malawi bungwe la WESM lili ndi makalabu otere m'sukulu zambiri. Ku Likhubula kuli nyumba ya achinyamata ya mpingo wa CCAP. Kuno ku Mozambique, paki ya Gorongosa m'chigawo cha Sofala ili ndi makalabu a atsikana m'midzi yozungulira, amene cholinga chake ndi chakuti mtsikana akhalebe pasukulu m'malo mokwatiwa ali wamng'ono, ndipo owatsogolera ndi achinyamata a m'dera lomwelo. Ana amene mapulogalamu otere amafuna ndi aja amene nthawi zambiri amatsala: amasiye, atsikana, ana olumala, ana amene anabadwira m'munsi mwa phiri koma sanalikwerepo kupatula kukatola nkhuni.

Ntchito imeneyi ndi yolemera kuposa kunyamula chikwama, ngakhale sioneka choncho. Mumawerenga ana ponyamuka, popuma paliponse, ndi pofika. Muziwerenga ndi mayina ochokera papepala, osangoyang'ana mitu. Wamkulu mmodzi amakhala kutsogolo, wina kumbuyo, ndipo liwiro la gulu ndi la mwana amene akuyenda pang'onopang'ono kuposa onse. Mwana wamanyazi sanena kuti watopa, kapena kuti sanadye m'mawa. Mumaona nokha: wasiya kuyankhula, akupunthwa kawirikawiri, milomo yauma. Funsani musananyamuke ngati pali wodwala khunyu, mphumu, kapena womwa mankhwala tsiku lililonse, ndipo lembani.

Choopsa chachikulu pamwamba si njoka ayi, ndi nkhungu ndi chisanu. Chiperoni chikafika, njira imene mumaiona bwinobwino imasowa m'kanthawi kochepa. Munthu wonyowa amene wayamba kunjenjemera kwambiri, kuyankhula zosamveka ndi kufuna kugona ali pangozi ya moyo. Muvuleni zonyowa, mufunditseni zouma, mumubise ku mphepo, ndipo ngati akutha kumeza mupatseni chakumwa chofunda cha shuga. Mowa musampatse. Mu Julayi 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, anasiya womuperekeza n'kupitiriza yekha ulendo wa ku Sapitwa. Anamupeza atafa patapita masabata. Woperekeza wabwino amadziwa kunena kuti "lero tibwerere", ngakhale mlendo akwiye. Mtsinje wodzaza musaoloke ndi ana, dikirani, paja madzi a paphiri amakwera msanga ndipo amatsikanso msanga.

Pali lamulo lina limene mapulogalamu abwino onse amaliika, ndipo ine ndimaona kuti ndi loposa ena onse: wamkulu asakhale yekha ndi mwana mmodzi pamalo obisika, atsikana azigona paokha ndi mayi wowayang'anira, ndipo kumenya mwana n'koletsedwa. Lamuloli limateteza mwana, limatetezanso inuyo. Gulu limene lili ndi atsikana koma mulibe wamkulu wamkazi ndi gulu losakonzeka. N'chifukwa chake atsikana ndi amayi achitsikana musamadzichotse nokha poganiza kuti za kuphiri ndi za amuna. Malo anu alipo, kawirikawiri amasowa wowalowa.

Zimene adzakufunsani

Choyamba ndi chitupa, bilhete de identidade. Amene alibe ayambe msanga, chifukwa sichituluka tsiku limodzi, ndipo nyengo ya ntchito sidikira. Ena amafunanso kalata ya amfumu, ya mlembi wa mudzi kapena ya abusa yosonyeza kuti amakudziwani. Pa ntchito ya ana kalata imeneyi imalemera kuposa mphamvu za m'manja.

Za msinkhu: malamulo a Mozambique ndi a Malawi onse amaletsa kupatsa munthu wosakwana zaka 18 ntchito yoopsa kapena yowononga thanzi. Kunyamula katundu wolemera pokwera phiri ndi kuzimitsa moto ndi ntchito za akuluakulu. Ku Mulanje mlingo wodziwika wa katundu wa munthu mmodzi ndi makilogalamu 18. Akakuikirani woposa pamenepo, funsani kuti agawe kapena alembe munthu wina. Msana ndi umodzi, ndipo mudzaufunanso kumunda.

Ziyankhulo ndi chuma chimene anthu a kumalire sitichiwerengera. Wa ku Majaua amayankhula Chinyanja, ambiri amamvanso Chilomwe kapena Chisena, ndipo amene anapitako kusukulu ali ndi Chipwitikizi. Mukawonjezera mawu ochepa a Chingerezi, monga moni, madzi, pumulani, njira ndi iyi, mwafika kale patali.

Mgwirizano ndi malipiro

Musayambe ntchito musanamve zinthu izi: ntchito yeniyeni ndi yotani, iyamba liti ndipo itha liti, malipiro ndi a patsiku kapena a pa ntchito imene yatha, adzalipira liti, chakudya ndi cha ndani, ndipo mukavulala adzakutengerani kuchipatala ndani. Ndalama yake ndi iti, metikali kapena kwacha? Kumalire kuno funso limeneli si lamasewera, chifukwa mtengo wosinthira umasintha pakati pa tsiku logwirizana ndi tsiku lolandira. Ngati adzatumiza pafoni, kaya ndi M-Pesa kaya e-Mola, nambala ikhale ya dzina lanu, ndipo funsani amene adzalipire ndalama yotapira.

Pempho lakuti "tilembe" si mwano. Bwana woona mtima sakwiya nalo. Ngati kuwerenga kukukuvutanibe, pitani ndi munthu amene mumamukhulupirira akuwerengereni mokweza musanadinde chala, ndipo mutenge pepala lanu.

Khalani ndi kabuku kanu. Tsiku lililonse lembani deti ndi chizindikiro chakuti mwagwira. Tinene kuti mwagwirizana mametikali 200 patsiku ndipo mwagwira masiku 12. Ndalama yanu ndi 2,400. Ngati munatengako 500 pakati pa ntchito, yotsala ndi 1,900. Kaundula wa kapitawo akanena masiku 10, kabuku kanu ndi kamene kadzakuyankhulireni, makamaka ngati mnzanu wa pantchito ankasaina pambali.

Chenjerani ndi amene akufuna ndalama kuti akulembeni dzina, amene akufuna kusunga chitupa chanu, ndi amene akuti ntchito ili kutali koma sakutchula malo ake. Mtsikana akauzidwa kuti malo apezeka akayamba "kucheza" ndi wolemba ntchito, imeneyo si ntchito. Auzeni akuluakulu a bungwelo, amfumu kapena apolisi.

Nyengo ikatha

Pa tsiku lomaliza pemphani kalata yonena dzina lanu, ntchito imene munagwira, ndi masiku ake, yokhala ndi siginecha ndi chidindo. Ngati munaphunzitsidwa chithandizo choyamba kapena kasamalidwe ka nazale, zilembedwenso. Isungeni m'pulasitiki pamodzi ndi chitupa, kutali ndi chiswe ndi denga lodontha. Tenganinso nambala ya foni ya amene anakuyang'anirani, ndipo cha mu Epulo muwaimbire kufunsa ngati gulu lina likubwera.