Chidole cha Nsanza ndi Mbiri ya Nsalu ku Ntcheu

Angoni a kwa Maseko akamaonetsa chuma cha makolo, maso a anthu amathamangira ku chishango, chibonga ndi mikanda. Chidole sichitchulidwa. Komatu kamwana ka nsanza, kamene mtsikana wa ku Lizulu kapena ku Tsangano amabereka kumbuyo pa masanje, kali ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ndi ya nsalu.

Pamene Chidyaonga anafikitsa anthu ake ku Domwe cha m'ma 1870, nsalu inali chinthu chosowa. Anthu ankavala zikopa ndi chiwondo, ndipo nsalu yochokera kugombe inkafika pamitu ya amalonda a Chiyao, n'kuthera m'nyumba za mafumu ndi nduna zawo. Merikani, yemwe dzina lake likuulula kuti ankachokera ku America kudzera ku Zanzibar, anali ndalama. Ngakhale kampani ya African Lakes, imene anthu anaizolowera kuti Mandala, itayamba malonda mu 1878, ogwira ntchito ankalandira mikwamba ya nsalu ngati malipiro. Amuna ambiri a dziko la Gomani amene ankatsikira ku minda ya azungu ku Blantyre ankabwerako ndi nsalu yomweyo. Kholo lanzeru silikanapatsa mwana ndalama kuti aseweretse pafumbi.

Choncho mwana wa masanje ankapangidwa ndi zimene zinalipo: dongo la kudambo, kapena chitsononkho. Ndevu za chimanga zinkasanduka tsitsi, makoko n'kukhala chovala, luzi n'kukhala mbereko. Chidole chotere chilipobe, ndipo m'miyezi yokolola sichisowa m'mudzi uliwonse.

Nsanza zinabwera pambuyo, nsalu itachuluka mpaka kumatsalako. Amishoni, monga a ku Gowa, a ku Mlanda ndi Akatolika amene anafika ku Nzama mu 1901, anabweretsa sukulu, ndipo m'sukulu za mishoni kusoka kunali phunziro la atsikana. Atelala anakhazikika m'makhonde a masitolo ndi makina awo a Singer, ana n'kumatola zidutswa pansi pa makinawo. Mu 1967 fakitale ya David Whitehead and Sons itatsegulidwa ku Blantyre, chitenje chinafika ngakhale kwa mayi wosauka. Kenaka kaunjika anadzaza misika.

Ngakhale zinali choncho, nsalu sinkafika kwa chidole mwachangu. Inkayamba yakhala ya paulendo ndi ya ku tchalitchi. Ikasuluka inkapita kumunda, ikang'ambika inkasanduka chigamba kapena thewera, kenaka nkhata ya pamutu popita kuchitsime. Chotsala pamenepo ndicho chinali cha mwana. Iye, kapena agogo ake, ankakulunga nsanza kupanga mutu, kumanga khosi ndi ulusi wosolola pathumba, n'kuika mabatani awiri osafanana ngati maso. Munthu wodziwa nsalu akanatha kuyang'ana chidole chimodzi n'kunena chimene mayi wa pakhomopo ankavala zaka zisanu zapitazo, ngakhalenso mpingo umene ankapemphera. Pa chidole chomwecho mtsikana ankaphunzira kumanga mbereko kuti mwana asapendekeke, asanapatsidwe mng'ono wake weniweni.

Kwina zidole zotere zinapeza ozisunga. Ku British Museum ku London kuli chidole cha nsalu chochokera ku Egypt, cha m'nthawi ya ulamuliro wa Aroma, chimene m'kati mwake anaikamo nsanza ndi gumbwa. Ku America, Johnny Gruelle analembetsa chidole chake cha Raggedy Ann mu 1915, ndipo zakale za mtunduwo lero zimagulidwa ndi anthu osonkhanitsa zinthu zamakedzana. Kumwera, kumene Angoni anachokera, zidole za mikanda ndi nsalu za Azulu, Andebele ndi Asotho sizinali zoseweretsa chabe, koma zinkakhudza chinamwali, ukwati ndi chiyembekezo cha kubereka. Mu 1998 Johannesburg Art Gallery inazisonkhanitsa pa chionetsero chotchedwa Evocations of the Child.

Chidole cha ku Ntcheu sichinachite mwayi wotere. Cha ku Egypt chinasungidwa ndi mchenga wouma. Cha kuno chimakumana ndi mvula ya kumapiri, chiswe ndi tsache. Mwini wake akangotha msinkhu, chimatayidwa kudzala, popeza palibe amene amachiyesa chuma. Chishango chimadutsa kuchoka kwa bambo kupita kwa mwana, n'chifukwa chake mbiri ya amuna ili ndi zogwirika zoonetsa ku Nkolimbo, pamene ya atsikana imatsala m'kamwa mwa agogo okha. Pakali pano m'misika ya kaunjika muli zidole za pulasitiki za tsitsi lachizungu, zotsika mtengo, zosafuna singano. Amayi amene anaphunzira kukulunga mutu wa nsanza ali ana akalipo m'midzi ya Njolomole, Kwataine ndi Mpando, koma ambiri a iwo tsopano ndi agogo, ndipo adzukulu sawapemphanso zidutswa.