Mbiri ya Mombasa ndi Kapolo Amene Anasunga Mau Athu

Aphunzitsi anzanga, ambiri a ife tiphunzitsa ana dzina la Mombasa monga dzina la kutali losatikhudza. Koma pali cingwe cotimanga ife ndi mudzi umenewu, ndipo ndico ndifuna kufotokoza.

Mombasa ndiwo mudzi waukuru wa pa gombe la dziko la Kenya, womangidwa pa cisumbu. Eni ace, Aswahili, aucha Mvita, ndi kalankhulidwe kao akacha Kimvita. Mudziwo ngwakale ndithu, pakuti Ibn Battuta, mlendo wa ku Morocco, anagonako m'caka ca 1331, napeza Asilamu okhala ndi mizikiti yao. Cimene cinaukulitsa ndi mphepo ya pa nyanja. Miyezi ina iomba kucokera kumpoto, nifikitsa ngalawa za ku Arabia ndi India zodzala ndi nsaru ndi mikanda. Miyezi ina itembenuka, nizibweza kwao zitasenza minyanga ya njobvu.

Cuma cimeneci cinaitana nkhondo. Vasco da Gama anafika mu 1498, ndipo mu 1505 Apwitikizi, powatsogolera Francisco de Almeida, anafunkha mudziwo, nautentha. Mu 1593 anayamba kumanga linga lalikuru, nalicha Fort Jesus. Tisabise kwa ana kuti dzina la Ambuye linaikidwa pa nyumba ya mizinga. Aluya a ku Oman analizinga miyezi 33, nalilanda mu 1698, njala ndi mliri zitatha anthu a m'katimo. Pambuyo pace banja la Mazrui linalamulira kufikira 1837, pamene Seyyid Said, mfumu ya Oman ndi Zanzibar, anawagonjetsa.

M'masiku a mfumu imeneyi malonda a akapolo anakula, ndipo ambiri ogulitsidwa pa gombe anali a kwathu kuno, Anyanja ndi Ayao, oyendetsedwa m'magoli kunka ku Kilwa. Ena a iwo anafika ndi ku Mombasa komwe.

Mu 1844 kunafika Ludwig Krapf, mtumiki wa Church Missionary Society, ndipo mu 1846 anamtsata Johannes Rebmann. Awiriwa anamanga misyoni ku Rabai, pa mapiri a kumtunda kwa mudziwo. Kumeneko, mu 1853, Rebmann anakomana ndi kapolo, dzina lace Salimini, wocokera ku dziko la kumadzulo kwa Nyanja yathu, ku mbali za Lilongwe. Anakhala naye pansi, namfunsa mau amodzi amodzi, nawalemba pamodzi ndi matanthauzo ace. Munthu wolandidwa mudzi, abale ndi ufulu anali asanalandidwe cinenero ca amace. Nchito imeneyi inacitika Livingstone asanaone Nyanja mu 1859. Koma Rebmann anacita khungu, nabwerera kwao, namwalira mu 1876. Ndipo buku lace, Dictionary of the Kiniassa Language, linasindikizidwa mu 1877, atalikonza Krapf. Kiniassa cimeneco ndico Cinyanja cathu.

Mu 1875 misyoni yomweyo inamanga mudzi wa Freretown, tsidya lina la cisumbu, kuti mukhale akapolo omasulidwa. Ndipo ukapolo wa pa gombelo unathetsedwa ndi lamulo mu 1907. Njanji imene Angerezi anayamba ku Mombasa mu 1896 inafika ku nyanja ya Victoria mu 1901, ndipo kufikira lero dooko la Kilindini lidyetsa Kenya ndi Uganda.

Onani tsono: mafumu amene analimbanirana cisumbuco anapita onse, ndi linga lao lasanduka nyumba yoonetseramo zakale, koma mau a kapolo uja awerengedwabe. Makolo athu anati, mau a akuruakuru akoma akagonera. M'mudzi uli wonse mmene muphunzitsa muli nkhalamba zodziwa maina a mitengo, miyambi ndi miyambo, zimene ana a sukulu sazidziwa. Pitani kwa iwo ndi ulemu, mutatenga kope ndi pensulo, nimulembe asanatsikire kuli cete.