Blantyre mpaka Lilongwe: ndi maola anayidi?

Ukafunsa kutalika kwa ulendo wa pagalimoto wochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe, ambiri amayankha kuti “maola anayi basi.” Okwera ndege amati mphindi 40. Mayankho awiriwa ngokayikitsa, ndipo mbiri ya njirayi ikutiuza chifukwa chake.

Blantyre idayamba ndi mishoni ya Asikoti mu 1876, pomwe boma la Lilongwe lidatsegulidwa mu 1904. Nthawi imeneyo ulendo unali wa masiku, katundu ali pamutu pa amtengatenga, bwana ali m’machila. Njanji idafika ku Blantyre mu 1908, ku Salima mu 1935, koma ku Lilongwe idachita kufika mu 1979.

Njirayi idakula mu 1975 pamene likulu lidasamuka ku Zomba. Maunduna adapita ku Lilongwe, koma mafakitale, makampani ambiri ndi khothi lalikulu zidatsala ku Blantyre, ndiye anthu adayamba kupitapita sabata ndi sabata. Kudzera ku Zomba ndi Liwonde ndi makilomita pafupifupi 360. Msewu wa Zalewa udawadula kufika pa 310. M’mwamba ndi pafupifupi 240 okha, komabe wokwera ndege amayamba wayenda makilomita 16 kupita kubwalo la ndege la Chileka, n’kudikira ola lathunthu kapena kuposa, kenako n’kutsikira ku Lumbadzi, pabwalo lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 1983, makilomita 25 kunja kwa mzinda. Mphindi 40 zija zimasanduka maola atatu.

Chidalakwika n’chakuti anthu ndi katundu yense tidawaunjika pamsewu umodzi wopapatiza, sitima yonyamula anthu n’kuisiya kuti ife. Kuopsa kwake kudaonekera poyera mu 2011 ndi kumayambiriro kwa 2012. Fodya sadagulidwe bwino, ndalama zakunja zidasowa, mafuta n’kuuma m’mafilingi siteshoni. Madalaivala ankagona pamzere, ena masiku angapo, kudikira thanki yomwe palibe ankadziwa tsiku lobwera. Mabasi adachepa, mitengo n’kukwera. Pakati pa Ntcheu ndi Dedza, pomwe msewu umatsata malire a Mozambique, anyamata ankaimika magalimoto atanyamula zigubu za petulo, n’kumathira pogwiritsa ntchito botolo lodula pakati, pamtengo woboola m’thumba. Wamaliro, wodwala ndi wabizinesi onse ankayamba afunsa za mafuta asanaganize za mtunda. Mizereyo idatha kwacha itatsitsidwa mphamvu mu Meyi 2012, kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi, koma vuto lomweli labwereranso kangapo.

Lero makilomita akadali 310, koma msewu wadzadza. Pa Lunzu umakwawa pakati pa akabaza ndi maminibasi oima paliponse. Pa Lizulu ogulitsa mbatatesi, kabichi ndi tomato afika m’mphepete mwenimweni mwa phula, ndipo sitingawadzudzule, poti msewuwo ndiye msika wawo. Ukakhala kumbuyo kwa thiraki pachitunda cha ku Dedza, kupitirira n’kuika moyo pachiswe. Onjezanipo marodibuloko ndi zipata zolipirira za Chingeni ndi Kalinyeke, zomwe choyamba chidatsegulidwa mu 2021. Amene amafikabe m’maola anayi ndi wonyamuka mbandakucha kapena wothamanga mopyola muyezo, ndipo othamangawa ndiwo akutithera abale pamsewuwu.