Kutsika kwa timu ya Chipolopolo ndi mbali ya mphunzitsi

Pa 12 February 2012 timu ya mpira wa miyendo ya dziko la Zambia, Chipolopolo, inatenga Cikho ca Africa mumzinda wa Libreville ku Gabon, itagonjetsa Ivory Coast pa mapenate 8 kwa 7. Kuyambira tsiku limenelo kufikira kumapeto kwa caka ca 2025, timuyi sinapambanenso masewera ngakhale amodzi m'ndime zotsiriza za mpikisanowu. Inafikako kanai, mu 2013, 2015, 2024 ndi 2025, ndipo pa masewera 12 amene inasewera inafanana mphamvu ndi anzake kasanu ndi kanai ndi kugonja katatu. Ku mipikisano itatu yotsatizana, ya 2017, 2019 ndi 2021, sinafikeko n'komwe.

Nthawi zonse timu ikalephera, munthu woyamba kulozedwa cala ndi mphunzitsi. Mbiri ya Chipolopolo ikuonetsa kuti mphunzitsi alidi ndi mbali yace, koma mbaliyo ndi yocepa kusiyana ndi mmene ocemerera ambiri amaganizira.

Mphunzitsi mmodzi, zotsatira ziwiri

Citsanzo coonekera bwino ndi ca a Hervé Renard a ku France, amene anthu ambiri m'Zambia amawakumbukira ndi shati yao yoyera. A Renard anayamba kuphunzitsa Chipolopolo mu 2008 ndipo anaifikitsa m'ndime ya makota fainolo ku Angola mu 2010, kumene inatuluka pa mapenate ndi Nigeria. Pambuyo pace anacoka. Amene anayendetsa timu m'masewera opezera malo ku mpikisano wa 2012 anali a Dario Bonetti a ku Italy, omwe anacotsedwa nchito mu October 2011, patangopita masiku ocepa timu itapeza malowo. A Renard anabwerera patatsala miyezi itatu cabe kuti mpikisano uyambe.

Palibe angakane nchito imene anagwira m'miyezi itatuyo. Anawadziwa kale osewera, anaika mwambo m'kampu, ndipo anakonza timu yodziwa kuteteza ndi kuthamangira kutsogolo mwamsanga ikalanda mpira. Senegal inagonja 2 kwa 1, Sudan 3 kwa 0, Ghana 1 kwa 0 ndi cigoli ca Emmanuel Mayuka. Ngakhale n'tero, pa masewera otsiriza Didier Drogba anaponya penate pamwamba pa golo mphindi 90 zisanathe. Penateyo ikanalowa, mwina lero nkhani ikanakhala ina, ndipo panalibe cimene mphunzitsi aliyense akanacitapo.

Patapita caka cimodzi cokha, a Renard omwewo anatengera osewera ambiri omwewo ku South Africa. Anafanana mphamvu ndi Ethiopia, Nigeria ndi Burkina Faso, n'kubwerera kwao m'ndime ya m'magulu. Kunali koyamba kucokera mu 1992, pamene zinacitikira Algeria, kuti eni cikho atuluke msanga cotero. Mu October 2013 a Renard anapita ku kalabu ya Sochaux kwao ku France, imene inatsika mu ligi yaikulu kumapeto kwa nyengoyo. Kenaka mu 2015 anatenganso Cikho ca Africa, ulendo uno ndi Ivory Coast ya Yaya Touré ndi Gervinho. Luso la munthuyo silinasinthe m'zaka zitatuzo. Cimene cinasintha ndi osewera amene anali nao ndi msinkhu umene anawapezera.

Zotere sizinacitikire Zambia yokha. A Hassan Shehata anatenga cikho katatu motsatizana ndi Egypt, mu 2006, 2008 ndi 2010, koma timu yomweyo itakalamba inalephera kufika ku mpikisano wa 2012 ndipo iwo anasiya nchito. Nigeria ya a Stephen Keshi inatenga cikho mu 2013 n'kulephera kupita kukaciteteza mu 2015.

Kumene osewera anali kucokera

Mphunzitsi wa timu ya dziko sapanga osewera. Amakhala nao nthawi zowerengeka pa caka, kawirikawiri kwa sabata imodzi ndi masiku ocepa, ndipo ena amafika kucokera ku Ulaya masewera atatsala pang'ono. Luso la kulandira mpira, kupatsira ndi kudziwa poima limaphunziridwa mwana ali wamng'ono, kusukulu ndi kukalabu. Cifukwa cace, amene afuna kumvetsa kukwera ndi kutsika kwa timu ya dziko ayenera kuyang'ana ku makalabu.

Kwa zaka zambiri mphamvu ya mpira wa Zambia inali m'migodi. Nkana ku Kitwe, Mufulira Wanderers, Nchanga Rangers ku Chingola, Roan United ku Luanshya ndi Konkola Blades ku Chililabombwe anali makalabu a migodi, ndipo kuyambira mu 1982 migodiyo inali pansi pa kampani ya ZCCM. Kabwe Warriors inali kuthandizidwa ndi a njanji. Kampani inali kusamalira mabwalo, kulipira aphunzitsi, kuyendetsa matimu a ana m'makomboni ndi kulemba nchito osewera, kotero kuti mnyamata waluso anali ndi njira yodziwika yocokera pa bwalo la fumbi kufika ku timu yaikulu. Godfrey Chitalu, Kalusha Bwalya ndi Charles Musonda anatulukira m'dongosolo limenelo.

Zipatso zace zinaoneka. Mu 1974 Zambia inafika pa masewera otsiriza a Cikho ca Africa ku Egypt, n'kugonja kwa Zaire pa masewera obwereza. Mu 1988 inagonjetsa Italy 4 kwa 0 pa masewera a Olympics ku South Korea, pansi pa mphunzitsi wa kuno kwao, a Samuel Ndhlovu. Nkana inafika pa fainolo ya akatswiri a makalabu a mu Africa mu 1990, ndipo Power Dynamos inatenga cikho ca Cup Winners' Cup mu 1991.

Umboni waukulu koposa unadza m'nthawi ya cisoni. Pa 27 April 1993 ndege yonyamula timu ya dziko inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville, n'kupha anthu onse 30 amene anali m'menemo, pakati pao osewera 18 ndi aphunzitsi ao, a Godfrey Chitalu ndi a Alex Chola. Caka cisanathe, timu yatsopano yomangidwa mozungulira Kalusha Bwalya inafika pa fainolo ku Tunisia, kumene inagonja 2 kwa 1 kwa Nigeria. Mu 1996 inakhala yacitatu ku South Africa. Aphunzitsi a nthawiyo, a Ian Porterfield ndi a Roald Poulsen, amayamikiridwa moyenera, koma sakanatha kumanga timu yaciwiri m'miyezi yocepa cotero makalabu akanapanda kukhala ndi osewera okonzeka kale.

Kugulitsidwa kwa migodi, kumene kunatha m'caka ca 2000, kunadula mizu imeneyi. Eni ace atsopano sanatenge udindo wonse umene ZCCM inali nao m'matauni a migodi. Mabwalo ena anaonongeka, matimu a ana anacepa, ndipo makalabu ochuka monga Mufulira Wanderers ndi Nkana anafika potsika mu ligi yaikulu. Timu ya dziko inatuluka m'ndime ya m'magulu mu 1998, 2000 ndi 2002, ndipo mu 2004 sinafikeko. Makalabu ena, monga Zanaco ndi Zesco United, anakwera n'kuyamba kutenga ligi, koma ndalama zogulira osewera okhwima kale sizilowa m'malo mwa nchito yolera ana.

Gulu la 2012 ndi zimene zinatsatira

Wina angafunse kuti ngati mizu inadulidwa, cikho ca 2012 cinabwera bwanji. Yankho lili m'kutalika kwa nthawi imene osewerawo anakhala pamodzi. Christopher Katongo, Kennedy Mweene, Joseph Musonda, Isaac Chansa ndi Rainford Kalaba anali atasewerera limodzi timu ya dziko kwa zaka zambiri, pansi pa aphunzitsi osiyanasiyana. Stoppila Sunzu ndi Mayuka anacokera ku timu ya acinyamata osapitirira zaka 20 imene inasewera Cikho ca Dziko Lonse ku Canada mu 2007. Ena anali ku makalabu a ku South Africa, ena ku TP Mazembe ya ku Lubumbashi, imene inatenga cikho ca akatswiri a mu Africa mu 2009 ndi 2010. Panalibe dzina lalikulu la ku Ulaya, koma aliyense anadziwa kumene mnzace adzathamangira. A Renard anakolola pa nyengo yace, ndipo kudziwa kukolola nalonso ndi luso.

Gulu limeneli litayamba kukalamba, panalibe lina lokonzeka kulowa m'malo. Apa ndi pamene kusinthasintha aphunzitsi kunakula. Pakati pa 2013 ndi 2022 timu inadutsa m'manja mwa a Patrice Beaumelle, a Honour Janza, a George Lwandamina, a Wedson Nyirenda, a Sven Vandenbroeck, a Milutin Sredojević ndi a Aljoša Asanović, kuphatikizapo ogwirizira monga a Beston Chambeshi ndi a Aggrey Chiyangi. Palibe mmodzi anakwanitsa zaka ziwiri. Panali a kuno kwao ndi ocokera kunja, acikulire ndi acinyamata, koma zotsatira zinali zofanana. Mu 2019, pamene mpikisano unakulitsidwa kufika pa matimu 24, Zambia inatsirizira pansi m'gulu lace, pambuyo pa Guinea-Bissau, Namibia ndi Mozambique. Mphunzitsi aliyense watsopano anabwera ndi osewera ace ndi kasewero kace, ndipo asanazolowerane, nayenso anali pa ulendo. M'zaka zomwezo bungwe la FAZ linatayanso nthawi yambiri m'mikangano ya utsogoleri, ina mpaka kufika ku makhoti.

Ciyembekezo cinabwera mu March 2017, pamene timu ya acinyamata osapitirira zaka 20 ya a Chambeshi inatenga cikho ca Africa pa bwalo la Heroes mu Lusaka, itagonjetsa Senegal 2 kwa 0, n'kukafika m'ndime ya makota fainolo pa Cikho ca Dziko Lonse ku South Korea. Mu September caka comweco a Nyirenda analimba mtima kuika ena a anyamatawa m'timu yaikulu, ndipo Algeria inagonja kawiri, 3 kwa 1 mu Lusaka ndi 1 kwa 0 kwao. Apa mbali ya mphunzitsi inaoneka poyera, pakuti wina akanaopa kudalira ana. Koma gulu limodzi la osewera silikwanira kudzaza malo onse 11 kwa zaka khumi. Patson Daka ndi Fashion Sakala anapita patali, pamene Enock Mwepu, amene anali mzati wa pakati, anasiya mpira mu October 2022 ali ndi zaka 24 cifukwa ca matenda a mtima.

A Avram Grant, amene anafika mu December 2022, anakhala pafupifupi zaka zitatu, nthawi yaitali kuposa onse kucokera pa a Renard. Anabweza timu ku Cikho ca Africa itagonjetsa Ivory Coast 3 kwa 0 ku Ndola mu June 2023, ndipo anaipezeranso malo a mpikisano wotsatira. Ku Ivory Coast mu January 2024 timu inatuluka m'ndime ya m'magulu, ndipo malo a Cikho ca Dziko Lonse ca 2026 sanapezeke. A Grant anacoka kumapeto kwa 2025. A Moses Sichone ndiwo anatsogolera timu ku Morocco mu December caka comweco, kumene inafanana mphamvu ndi Mali ndi Comoros, n'kugonja 3 kwa 0 kwa eni bwalo.