Sukulu ya osema ya ku Mua

Pamene ansembe a chipani cha White Fathers ankakhazikitsa mishoni pa Mua m'chaka cha 1902, kusema sikudali kwachilendo m'midzi ya m'tsinde mwa mapiri a Dedza. Mitondo, mipini, zipande ndi ng'oma zinkatuluka m'manja mwa amisiri a komweko. Luso lozama kwambiri lidali kudambwe, kwa eni Gule Wamkulu, ndipo amishoni oyambawo adalimbana nalo kwa zaka zambiri, makamaka m'ma 1920. Mkhristu wopezeka kudambwe ankamuletsa masakramenti. N'chifukwa chake ine zimandikhudza kuti pamalo pomwepo ndi pamene padadzabadwira sukulu ya zosema yotchuka kwambiri m'Malawi.

Adayiyambitsa ndi Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Montreal m'dziko la Canada, yemwenso adali katswiri wojambula. Adafika m'Malawi mu 1967, patangopita zaka ziwiri chithere msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, umene udalimbikitsa Mpingo kupembedza m'zilankhulo ndi m'miyambo ya eni dziko. Adaphunzira Chichewa, adakhala pansi ndi akuluakulu, mpaka adapatsidwa mfunda wa Chisale. Mu 1976 adatsegula sukuluyi, yotchedwa Kungoni, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe.

Kaphunziridwe kake ndi kamene ndikufuna tikaonetsetse. Mnyamata sankafunsidwa satifiketi pakhomo. Ankachokera m'midzi yozungulira, kugona kwawo, m'mawa n'kukakhala pambali pa mmisiri. Choyamba adziwe mtengo: mbawa imamvera, mlombwa uli ndi mizere yokongola, phingo ndi louma moti limabunthitsa chitsulo. Kenaka sompho, kenaka tchizulo, kenaka kupala ndi sandipepa mpaka zala zituluke matuza. Chomaliza, chimenenso chili chovuta, aphunzire kufunsa agogo ake nkhani. Pakuti pa Kungoni sankangosema njovu ndi mvuu. Ankasema nkhani ya chilengedwe ya pa Kaphirintiwa, chinamwali, maliro, mayi akusinja, ndi Yesu wa nkhope ya Mchewa. Mtengo umodzi unkasenza mudzi wathunthu.

Apa mpamene wosema wa ku Mua amasiyana ndi mnzake wa m'mbali mwa msewu. Sindikunyoza ogulitsa ziboliboli ku Senga Bay kapena pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town ku Lilongwe; manja awo ngaluso ndipo akudyetsa ana. Koma wogula akamanenerera mtengo tsiku ndi tsiku, mmisiri amakakamizika kubwereza chinthu chimodzimodzicho chimene chimayenda malonda. Ku Mua kunkabwera maoda a matchalitchi: maguwa, mitanda, zitseko, ntchito ya miyezi yofuna kuganiza. Zosema za kumeneko zidafika ku Vatican, ndipo tchalitchi chaching'ono cha bungwe la Missio ku Munich chidakongoletsedwa ndi manja a amisiri a Kungoni.

Ntchito zidaphuka nthambi. Nyumba yosungira za chikhalidwe ya Chamare, yofotokoza za Achewa, Angoni ndi Ayao, itatsegulidwa, padafunika ojambula zipupa, ofotokozera alendo, ovina, ndi osamala nkhope za gule zoposa 400. Pamene UNESCO inkalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, Mua idali itayamba kale kusunga mbiri yake. Koma vuto limene lakula pa ntchito yosema ndi mitengo. Phingo ndi mlombwa zimatenga zaka zambirimbiri kuti zikhwime, pamene nkhwangwa ya wootcha makala siyembekeza.

Mu 2015 boma lidayamba kutsegula makoleji a ntchito zamanja a m'madera, kuti achinyamata aziphunzira kufupi ndi kwawo. Lidatsogoza zomangamanga, ukalipentala, kuwotcherera ndi utelala, ndipo zonsezi nzofunika. Pempho langa nlakuti kusema ndi kujambula kukhalenso ndi chipinda chake m'makolejiwa, ophunzitsa ake akhale amisiri onga a ku Mua ngakhale alibe madigiri, ndipo koleji iliyonse yophunzitsa zosema ikhale ndi nazale yakeyake ya mbawa ndi mlombwa.