Kalemba, phanga losunga mbiri ya Chadiza

Alendo opita ku Italy amakonda kukwera kamtunda ka San Gimignano, m'chigawo cha Tuscany, kukaona nsanja zamiyala. Mabanja olemera akumeneko adamanga nsanja 72 popikisana chuma ndi podzitchinjiriza pa ndewu zawo, koma lero zatsala 14. Mliri wa mu 1348 udapulula anthu, mu 1353 mzindawo udagonjera Florence, ndipo umphawi wotsatirapo ndiwo udausunga, pakuti padalibe ndalama zogwetsera zakale n'kumanga zatsopano. Mu 1990 bungwe la UNESCO lidauika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse.

Mtima wanga ukamva zimenezi umathamangira kwathu ku Chadiza, m'chigwa cha Chipwete, kumene thanthwe lalikulu lidaweramira kutsogolo n'kupanga phanga la Kalemba. Anthu a m'midzi yozungulira adalidziwa kuyambira makolo, koma m'mabuku lidalowa mu 1955, R. A. Hamilton atadziwitsa a nyumba yosungira zakale ku Livingstone. Mu 1971 David Phillipson adakumba pansi pake, ndipo zimene adapeza adazilemba m'buku la The Prehistory of Eastern Zambia la mu 1976, pamodzi ndi za mapanga a Makwe ndi Thandwe.

Dothi la m'phangamo lidasanjikizana ngati mikeka. Pansi penipeni padapezeka zida zamiyala ndi makala osonyeza kuti anthu ankasonkhamo moto zaka zoposa 35,000 zapitazo. Pokwera m'mwamba zidazo zimanka zichepa mpaka kufanana ndi chikhadabo, timiyala takuthwa tomangirira ku mivi, ndipo pamwamba pake m'pamene pamayamba kuoneka mapale a miphika. Alenje otsiriza a mtundu umenewu ndi aja agogo athu ankawatchula Akafula kapena Amwandionerapati. Pamene mmisiri woyamba ankasema mwala wa nsanja ku San Gimignano, n'kuti Kalemba ali kale nkhalamba.

Pakhoma la thanthwe pali zojambula zoyera. Ofufuza amati zojambula zotere m'dera lino zimakhudzana ndi chinamwali ndi zinyau za Achewa, ndiye kuti phanga lidali malo ophunzitsira mwambo, kutali ndi maso a osayenera kuona. Ine mbali imeneyi ndiyo imandigwira mtima kwambiri, chifukwa anamkungwi alipobe m'midzi ya mafumu Mlolo, Zingalume ndi Mwangala, ndipo gule akuvinidwabe.

Kenaka idadza nkhondo. Angoni a Zwangendaba adaoloka Zambezi mu 1835, tsiku lomwe dzuwa lidachita kadamsana, ndipo patapita zaka mwana wake Mpezeni adakhazikika kufupi ndi kumene kuli Chipata. Achewa ambiri adamanga malinga, ena adathawira m'mapiri ndi m'mapanga. Chidawakweza n'chomwe chidakweza anthu a ku Tuscany: uli pamwamba mdani umamuona akadali kutali. Angelezi atagonjetsa Mpezeni mu 1898, padalibenso chokhalira pamiyala, poti madzi ndi madimba zili kunsi. Nyumba zamitengo ndi dothi chiswe chidadya, mvula n'kumaliza, n'chifukwa chake mapiri athu alibe nsanja zoti mlendo ajambule.

Tsidya la malire, zojambula za ku Chongoni ku Dedza zidalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, ndipo n'zapachibale ndi zathuzi. Chaka chilichonse mu Ogasiti anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amakhamukira ku Mkaika, ku Katete, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo Chadiza ali pafupi pomwepo. Wofuna kupatukira ku Kalemba ayambe walonjera anyakwawa kuti ampatse womperekeza. Akafika asasonkhe moto m'phangamo kapena kukhudza khoma, pakuti mwaye ndi thukuta lam'manja zimafufuta zojambulazo.